Amayi anasiya mankhwala a BP chifukwa ankamva bwino m'thupi

Wachisamba:
Moni nonse apagulu. Ndasowa masabata atatu chifukwa ndinali kuchipatala, ndikudwazika amayi anga. Tatuluka dzana, koma ndili ndi mafunso amene akundisowetsa tulo.

Amayi anawapeza ndi BP zaka zinayi zapitazo. Ankamwa mapiritsi awiri m'mawa uliwonse, amlodipine ndi kena kakang'ono kamene kankawakodzetsa pafupipafupi. Chaka chathachi anayamba kudandaula kuti mapazi akumatupa madzulo, nsapato osalowa. Atapita kukayezetsa anawauza kuti BP ili bwino, ndiye iwo anamva ngati awauza kuti achira. Anasiya kumwa osauza munthu aliyense. Ine ndadziwa dzulo lomweli pokonza kuchipinda kwawo, nditapeza mapaketi asanu osatsegula m'kabati, atawabisa pansi pa zovala.

Tsiku limene zinachitika tinali limodzi m'mawa. Anali atagwira kapu ya tiyi, kapuyo inangowapulumuka n'kugwa. Nditawayang'ana, mlomo unali utakhotera mbali imodzi, tiyi akutsikira pachibwano. Ndinafunsa kuti, "Amayi, mwatani?" Anayankha ndithu, koma mawu ake ankamveka ngati a munthu amene wavwira madzi m'kamwa. Pamene ndinalakwa ndi apa: ndinawagoneka kuti apume, ndikuganiza kuti ndi chizungulire chabe. Kuchipatala tinafika dzuwa litapendeka. Adokotala anati ndi sitiroko. Dzanja ndi mwendo wakumanja sizikugwira ntchito, ndipo kulankhula kukuvuta.

Munthu amene sankamva kupweteka paliponse angagwe bwanji chonchi? Kodi BP imatha? Nanga ndikanathamanga nawo m'mawa womwewo, zikanasintha?

Make Mapasa:
Pepani achemwali, pepani kwambiri. Ndawerenga misozi ili m'maso. Musadziweruze nokha, ambirife tikanachita zomwe munachitazo. Anamwino athu aja ali pano, akuyankhani bwino.

Namwino Wopuma:
Pepani mwana wanga. Ndagwira ntchito m'mawodi zaka zambiri, ndipo nkhani ngati yanuyi ndaimva kosawerengeka, mpaka mapaketi obisa m'kabatiwo. Ndiyankha mafunso anu onse atatu, mundipirire ndikatalikitsa.

Mtima ukamapopa, magazi amakankha makoma a mitsempha. Makina oyezera aja amaonetsa manambala awiri. Yapamwamba ndi mphamvu ya kukankhako pamene mtima wafinya, yapansi ndi pamene mtima wapumira usanagundenso. Kwa munthu wamkulu, pamene timati pali bwino ndi cha m'ma 120/80. Tikayeza pa masiku awiri osiyana n'kupeza 140/90 kapena kupitirira, timati munthuyo ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi.

Choopsa chake n'chakuti sikupweteka. Munthu atha kuyenda ndi 170/100 zaka zisanu akugwira ntchito, akuseka, akudya bwinobwino. Koma m'katimu mitsempha ikuuma ndi kuchepa, mtima ukukula chifukwa chopopa movutikira, impso zikuwonongeka, timitsempha ta m'maso nato tikuvulala. Tsiku lina mtsempha wopita ku ubongo umatsekeka ndi magazi oundana, kapena umaphulika. Mbali ya ubongo imene yasowa magaziyo imayamba kufa, ndipo ndi chimene timati sitiroko. Ubongo wa kumanzere umayendetsa thupi la kumanja, komanso kwa anthu ambiri ndi umene umayendetsa kulankhula. N'chifukwa chake amayi anu dzanja lamanja ndi mawu zapitira limodzi. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati anthu oposa 1 biliyoni padziko lapansi ali ndi vutoli, ndipo pafupifupi theka la iwo sadziwa n'komwe.

Funso lachiwiri. Kwa anthu ambiri BP siitha. Mankhwala amaigwira kuti ikhale pansi, ngati mmene dzanja limatsindikira chivindikiro cha mphika wowira. Akakuuzani kuti "BP ili bwino" pamene mukumwa mankhwala, tanthauzo lake ndi lakuti mankhwalawo akugwira ntchito, pitirizani. Mukasiya, imakweranso mwakachetechete m'masiku kapena masabata ochepa.

Funso lachitatu ndi lowawa, koma sindikunamizani. Nthawi ndi yofunika. Ngati sitiroko yabwera chifukwa cha kutsekeka kwa mtsempha, pali mankhwala osungunula magazi oundanawo, koma amaperekedwa pasanathe maola anayi ndi theka chiyambire zizindikiro, ndipo pokhapokha atajambula mutu n'kuona kuti mtsempha sunaphulike. Si chipatala chilichonse chili nawo, ndiponso si wodwala aliyense amayenera kulandira. Choncho musasenze mtolo wonsewu nokha. Munachita zimene munkadziwa tsiku limenelo.

Wachisamba:
Zikomo anamwino. Chimene chikundipweteka ndi mawu aja oti "BP ili bwino". Amene anawayeza tsikulo sanawonjezere ngakhale liwu limodzi. Amayi anawauza za kutupa kwa mapazi, iwo anangolemba m'buku n'kuitana wotsatira. Akanangoti "musasiye", bwenzi lero amayi akuyenda.

Namwino Wopuma:
Mukunena zoona, ndipo ife a ntchito imeneyi tiyenera kuvomera. Mzere ukatalika timathamangira manambala n'kuiwala munthu. Kutupa kwa akakolo ndi chinthu chodziwika kwa omwe amamwa amlodipine. Nthawi zambiri si choopsa, ndipo chili ndi njira yake: kuchepetsa mlingo, kuphatikiza ndi mankhwala ena, kapena kusintha mtundu. Inali nkhani ya mphindi ziwiri.

Dalaivala wa Lole:
Pepani achemwali ndi zomwe zakuonekerani. Koma anamwino, pamene mwati sikupweteka ine ndikutsutsako pang'ono. Ine BP yanga ndimaidziwa. Ikakwera mutu umandipweteka kunkhongo kuno, maso amalemera. Ndikamva choncho ndimamwa piritsi limodzi, pakatha ola ndili bwino. Masiku ena onse sindimwa, chifukwa ndinamva kuti mankhwala a tsiku ndi tsiku amaononga impso. Ndatha zaka ziwiri ndikuchita choncho, palibe chandichitikira.

Namwino Wopuma:
Achimwene, ndikukupemphani ndi mtima wonse, musinthe. Amayi a mnzathuyu nawonso palibe chimene chinawachitikira mpaka m'mawa umene kapu inagwa. Mutu wa kunkhongo umabwera ndi zambiri: kutopa, kukhala pachiwongolero maola ambiri khosi lili chiwumire, kusagona, ludzu. Masiku amene mutu sukupweteka simukudziwa kuti BP ili pati, chifukwa simunayeze. Mapiritsi a BP si ofanana ndi paracetamol woti mumwe mukamva ululu. Amafunika akhale m'magazi tsiku lililonse.

Za impso, nkhaniyi anthu anaitembenuza. Zinthu ziwiri zimene zimapha impso za anthu ambiri ndi matenda a shuga ndi BP yosasamalidwa. Mankhwala ngati enalapril ndi losartan timawapereka dala kwa odwala shuga kuti ateteze impso, ndipo adokotala amayeza magazi nthawi ndi nthawi kuti aone mmene impsozo zilili. Amene muyenera kusamala nawo ndi opha ululu aja, ibuprofen ndi diclofenac. Mukamawamwa kawirikawiri amakweza BP, amafooketsa mankhwala anu, ndipo impso amazivulazadi. Ndikudziwa kuti madalaivala ambiri amayenda nawo m'thumba chifukwa cha msana.

Komanso ganizirani ntchito yanu. Dzanja likafooka muli pamsewu ndi katundu wolemera kumbuyo, simukhala nokha pangozipo.

Dalaivala wa Lole:
Diclofenac ndimamwa pafupifupi tsiku lililonse. Zimenezi sindinkazidziwa. Kakang'ono kokodzetsa kaja ndiye kanandivuta paulendo, kuima ima.

Namwino Wopuma:
Kameneko ndi hydrochlorothiazide, ena amangoti HCTZ. Kamwedwe kake ndi m'mawa kuti usiku mugone, ndipo kwa ambiri kukodzakodzako kumachepa thupi likazolowera. Ngati kakusokonezani ntchito, auzeni adokotala mmene mumayendera. Mitundu ya mankhwala a BP ilipo ingapo, sangalephere kupeza okuyanjani.

Mphunzitsi:
Ndiwonjezereko ziwiri. Choyamba ndi changa. Nditayamba enalapril ndinagwidwa ndi chifuwa chouma, chokanda pakhosi, chosatulutsa makhololo. Kutsogolo kwa kalasi ndinkatsokomola mpaka misozi. Ndinamwa mankhwala a chifuwa mabotolo atatu, ndinakayezetsa TB, osapezeka kanthu. Patatha miyezi inayi ndi pamene dokotala wina anayang'ana buku langa n'kunena kuti ndi enalapril. Anandisinthira losartan, chifuwa chinatha m'masabata ochepa. Ndikanakhala wosapirira bwenzi nditangotaya mankhwala onse.

Chachiwiri ndi cha m'mbiri. Franklin Roosevelt, mtsogoleri wa dziko la America, anamwalira mu April 1945 mtsempha utaphulika mu ubongo, BP yake itakwera koopsa kwa zaka. Anali ndi madokotala akeake, koma nthawi imeneyo mankhwala abwino otsitsa BP kunalibe, ndipo madokotala ambiri sankaiona ngati yofunika kuitsitsa. Kafukufuku amene anayamba mu 1948 m'tauni ya Framingham ku America komweko, wotsatira anthu zikwizikwi kwa zaka zambiri, ndi mmodzi mwa amene anaonetsa poyera kuti BP yokwera imabweretsa sitiroko ndi matenda a mtima. Piritsi limene ife timalibisa m'kabati, munthu wamphamvu ngati ameneyo analisowa.

Chitsirizira:
Mafunso awiri akuluakulu anga. Kodi si matenda a anthu okalamba ndi onenepa? Ine ndili ndi zaka 33, ndine wochepa thupi, koma bambo anga ndi azakhali onse awiri ali ndi BP. Chachiwiri, anthu amatumizirana mauthenga akuti adyo ndi mandimu m'madzi ofunda zimathetsa BP. Zoona?

Namwino Wopuma:
Ukalamba ndi kunenepa zimawonjezera chiopsezo, inde, koma ndayezapo anyamata oonda a zaka za m'ma 30 n'kupeza manambala oopsa. Magazi akumtundu amatengapo gawo lalikulu, ndiye poti bambo ndi azakhali ali nayo, inu muziyezetsa kamodzi pachaka ngakhale mukumva bwino. Zina zokweza BP ndi mchere wambiri, mowa, fodya, kukhala osayendayenda, matenda a impso, kubanika kupuma m'tulo kwa anthu oliza mkonono kwambiri, ndi mapiritsi ena olerera kwa amayi ena. Kwa anthu ambiri sipapezeka chifukwa chimodzi choloza ndi chala.

Adyo idyani m'chakudya ngati mumamukonda, palibe choletsa. Koma salowa m'malo mwa mankhwala. Ndinasamalirapo bambo wina amene anasiya mapiritsi n'kudalira madzi a mandimu miyezi isanu ndi umodzi. Anabwera atanyamulidwa.

Chimene chimathandizadi ndi mchere kuuchepetsa. WHO imati munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 patsiku, amene ndi pafupifupi kasupuni kamodzi ka tiyi, kuwerengera zakudya zonse za tsikulo. Wambiri sumauona n'komwe: uli mu buledi, m'nyama ndi nsomba zoumitsa ndi mchere, m'zakudya za m'zitini, m'timibulu tokometsera ndiwo tija. Yambani ndi kuchotsa mchere patebulo. Masabata oyamba chakudya chimamveka chozizira, kenako lilime limazolowera. Onjezani masamba ndi zipatso, yendani mwandawala mphindi 30 masiku asanu pa sabata, mowa muchepetse, fodya musiye. Ena amene BP yawo yangokwera pang'ono zimenezi zimawakwanira, koma wonena kuti zakwana ndi amene wakuyezani.

Make Mapasa:
Ndilankhuleko za ife amayi. Ndili ndi pakati pa mapasa anga, mwezi wachisanu ndi chiwiri, nkhope inatupa, mphete inakanirira pachala. Mutu unkapweteka osamva mankhwala, ndipo m'maso ndinkaona tinthu tothwanima ngati ziphaniphani masana. Anzanga ankati kutupa n'kwa mimba iliyonse. Kusikelo anapeza 165/110, m'mkodzo muli mapuloteni. Sanandilole kubwerera kunyumba. Anandibaya magnesium sulphate kuti ndisakomoke, ndipo ana anabadwa masiku asanakwane. Lero ali kusukulu onse awiri. Ndikanamvera zoti n'zachizolowezi sindikudziwa kuti bwenzi ndili kuti.

Namwino Wopuma:
Imeneyo ndi pre-eclampsia, imayamba mimba ikapitirira masabata 20, ndipo itha kubweranso masiku oyamba mayi atachira. Oyembekezera mapasa ndi a mimba yoyamba ali pachiopsezo chachikulu. Kuwonjezera pa zimene mwatchulazo, pali ululu wa pamwamba pa mimba, pansi pa nthiti za kumanja. Mayi woyembekezera akaona zimenezi apite tsiku lomwelo, asadikire tsiku la sikelo. Komanso amene akumwa enalapril kapena losartan n'kufuna kutenga pakati, kapena wazindikira kuti waima, akaonane ndi adokotala mwamsanga, chifukwa mankhwala amenewa amavulaza mwana m'mimba. Amamusinthira ena monga methyldopa, nifedipine kapena labetalol. Ndipo inu Make Mapasa, poti zinakuchitikiranipo, muziyezetsa BP chaka chilichonse moyo wanu wonse.

Gogo wa Zidzukulu Zisanu:
Ana anga, ine ndili ndi zonse ziwiri, BP ndi shuga, chaka chino n'cha 14. Shuga anandiyamba ndi ludzu. Ndinkamwa madzi ngati ndatsika m'phiri, usiku kudzuka kanayi kasanu kukataya madzi, thupi likuonda pamene ndikudya bwino. Kabala kakang'ono pachala cha phazi kanatha miyezi iwiri osapola. Ndi kamene kanandipititsa kuchipatala. Ndimamwa metformin ndi mapiritsi anga a BP ndikangotsuka m'kamwa m'mawa, ndinawaika pafupi ndi mswachi kuti ndisaiwale. Madzulo aliwonse mdzukulu wanga amandiyang'ana mapazi, pakati pa zala pomwe, chifukwa ali ndi dzanzi, ndikhoza kuponda msomali osamva. Wachisamba, mwana wanga, amayi ako awayeze shuganso.

Wachisamba:
Anawayeza agogo, anati ali bwino. Zikomo.

Namwino Wopuma:
Agogo anena zofunika. Matenda awiriwa amakonda kuyendera limodzi, ndipo akakumana mitsempha imawonongeka msanga. Shuga woyeza m'mawa munthu asanadye akafika 7.0 mmol/L kapena kupitirira, atabwereza kuyeza, timati ndi matenda a shuga.

Koma ndibwerere ku sitiroko, chifukwa ndikufuna aliyense pagulu pano adziwe chochita. Mukakayikira, muuzeni munthuyo amwetulire, muone ngati mlomo wakhota. Muuzeni akweze manja onse awiri, muone ngati limodzi likugwa. Muuzeni anene chiganizo chachifupi, mumve ngati mawu akukokeka kapena akusokonekera. Chimodzi chokha mwa izi chikaoneka, yang'anani nthawi n'kuisunga m'mutu, chifukwa adokotala adzafunsa kuti zinayamba nthawi yanji, kenako nyamukani. Zina ndi kusaona mwadzidzidzi, kudzandira, ndi mutu woopsa wobwera kamodzin'kamodzi umene munthu sanaumvepo. Musamupatse madzi, chakudya kapena piritsi lililonse. Kumeza kumakhala kutasokonekera, zitha kulowa m'mapapo. Aspirin musapereke panokha, chifukwa ngati mtsempha waphulika muwonjezera kutaya magazi. Akakomoka mugonekeni cham'mbali.

Nthawi zina zizindikirozi zimabwera n'kutha zokha pakapita mphindi zochepa, munthu n'kumati zadutsa. Limenelo ndi chenjezo, ndipo sitiroko yeniyeni imakonda kutsatira m'masiku ochepa. Apite kuchipatala tsiku lomwelo. Chimodzimodzi makina akaonetsa 180/120 kapena kupitirira pamodzi ndi ululu wa pachifuwa, kubanika, kusaona bwino kapena kusokonezeka mutu.

Wachisamba:
Anamwino, mwandikumbutsa. Sabata imodzi zisanachitike amayi anati dzanja linachita dzanzi akuchapa, sopo anawagwa kawiri, kenako linabwerera. Tonse tinati anagonera mkono.

Panopa ndiwasamale bwanji? Amalira kawirikawiri, makamaka akafuna kunena chinthu mawu osatuluka. Dzulo amaloza chinachake pawindo, ine osamva, mpaka anatembenukira kukhoma.

Namwino Wopuma:
Nzeru zawo zilipo, chavuta ndi njira yotulutsira mawu. Muzilankhula nawo ngati mayi anu, osati ngati mwana. Funsani mafunso oti ayankhe eya kapena ayi, apatseni nthawi, musawamalizire mawu msangamsanga. Kulira ndi kukhumudwa zimachitika kwambiri pambuyo pa sitiroko. Zikapitirira, akamakana kudya kapena kuchita mafizo, auzeni adokotala, chithandizo chake chilipo.

Akamadya akhale tsonga, chakudya chikhale chofewa, pang'onopang'ono, ndipo asagone msanga akatha kudya. Akamatsamwa kapena mawu akamamveka onyowa atameza, nenani kuchipatala. Ngati sakutha kudzitembenuza, atembenuzeni maola awiri aliwonse, muziyang'ana khungu la pamatako, m'chiuno ndi zidendene, pamene pafiira ndi pamene pamayamba chilonda. Powadzutsa musakoke dzanja lofookalo, phewa limaguluka, ndipo akakhala muliike pa pilo. Mafizo ndiwo mankhwala aakulu tsopano. Kusintha kwambiri kumaoneka m'miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi yoyambirira, ngakhale kumapitirira pambuyo pake, ndiye zimene akuphunzitsani a mafizo muzichita nawo tsiku lililonse. Zimene angathe kuchita okha, ngakhale mochedwa, asiyeni achite. Mapiritsi muziwapatsa ndinu, chifukwa amene wadwalapo sitiroko atha kudwalanso. Ndipo pezani wina wosinthana naye, nokha mutopa.

Gogo wa Zidzukulu Zisanu:
Uziwaimbira nyimbo zimene amazikonda. Mnzanga wina atadwala sitiroko mawu ankakanika, koma nyimbo ankaimba nafe mpaka kumapeto.

Chitsirizira:
Ndagula makina oyezera kunyumba kuti tiziyeza ndi bambo. Koma manambala akusinthasintha, m'mawa ena, madzulo ena. Awonongeka?

Namwino Wopuma:
Ayi, BP imasintha ndi nthawi, ndi zimene mukuchita. Khalani pampando mphindi zisanu musanayeze, msana utatsamira, mapazi ali pansi osapingasa miyendo, mkono uli patebulo molingana ndi mtima. Musamwe khofi kapena kusuta mphindi 30 musanayeze, kataye madzi kaye, ndipo musalankhule makina akamapopa. Lamba wake akhale wokwana mkono, wothina kwambiri amakweza manambala. Yezani kawiri motalikitsa mphindi imodzi, mulembe m'kabuku ndi tsiku lake, mupite nako kwa adokotala.

Dalaivala wa Lole:
Ndabwereranso. Ndinaima pachipatala china m'njira, mutu sunkapweteka n'komwe, anapeza 168/104. Andiyambitsanso mankhwala, andichotsera kokodzetsa kaja, ayezanso magazi kuti aone impso. Diclofenac andiletsa. Zotsatira ndikatenga Lachisanu.

Wachisamba:
Mwachita bwino achimwene. Inenso popita ndi amayi ku mafizo lero ndinapempha kuti andiyeze. Yatuluka 148/94, akuti ndibwerenso sabata yamawa ayezenso asananene kanthu. Azichimwene anga awiri ndawauza, mmodzi wavomera kupita Lolemba, winayo akuti alibe nthawi, ndimuimbiranso usiku uno.

Agogo, ndinayesa nyimbo ija madzulo. Ndime yoyamba anangondiyang'ana. Yachiwiri milomo inayamba kuyenda, ndipo mawu atatu anatuluka omveka bwino. Chimene amaloza pawindo chija ndachidziwa lero, amafuna magalasi awo a maso, anali kuseri kwa katani.